Kugawa Matsenga Ngati Madzi a ku Wovwe

Lolemba, 20 Okutobala

Kutentha! Choko chikuterereka m'manja. Ana a Folomu 2 akuchita masamu, ine maganizo onse ali pa Loweruka.

Ndilembe bwinobwino, mwina mutu uzizira.

Loweruka lililonse masana timasewera pa khonde la a Phiri. Ine ndimapeka dziko, adani ndi misampha, n'kumafotokoza nkhani. Anzanga atatu aliyense ali ndi munthu wake wa papepala. Amanena zimene munthuyo akufuna kuchita, timaponya dayisi ya mbali makumi awiri, nambala ikakhala yaikulu ndiye kuti zatheka. Ndinaphunzira ku koleji. Kuno amanditcha Wapampando, chifukwa anthu a m'boma sangakhale pa tebulo lopanda wapampando.

Anthu anga:
1. A Phiri, apolisi, kwathu kumodzi ku Dedza. Munthu wawo ndi Phwanya, msilikali wa nkhwangwa. Luso lake: kutema. Basi.
2. A NyaGondwe, anamwino. Munthu wawo ndi wochiritsa. Amati ndinawapatsa ntchito yomweyo ya mkati mwa sabata, kungowalanda Loweruka.
3. A Kayira, alangizi a ku sikimu ya mpunga ku Wovwe, mkulu wa mpingo. Munthu wawo ndi Chiphaliwali, wamatsenga. Liwu lina lija, lakuti mfiti, sitilitchula pakhonde. Kuno nkhani imathamanga kuposa kabaza.

Vuto ndi ili: Maloweruka asanu tsopano nkhwangwa ya Phwanya sinateme kanthu. Achifwamba makumi anayi, Chiphaliwali wawagoneka tulo. Chimphona cha kuphiri, wachisandutsa chule. Linga la mfumu yoipa, waulukira pamwamba n'kutsegula chitseko ali mkati. A Phiri amatenga dayisi, kuipukuta pa malaya, kuiuzira mpweya, ndipo nthawi yawo ikamakwana adani onse amakhala akuliza mkonono.

Dzulo potuluka m'tchalitchi a Phiri andiimitsa. "Aphunzitsi, Loweruka ili nkhwangwa yanga ikapanda kutema munthu, ine ndabwerera ku bawo. Tebulo mukafune kwina."

Sanaseke ngakhale pang'ono.

Zimene ndiluza akachoka:
- tebulo lokhalo losagwedera m'dera lino
- mbalagha ya mayi Phiri, nthochi zophika ndi nyama zija
- munthu mmodzi yekha amene ndimayankhula naye Chichewa mothamanga, osandifunsa kuti ndati chiyani

Chachitatucho ndiye chikundiwawa. Zaka ziwiri ndili kuno, mnzanga weniweni ndi ameneyo. Ndikuopa, ndisaname.

Koma ndine mphunzitsi wa masamu. Ndili ndi masiku asanu. Wamatsenga atsike, msilikali akwere, akumane pakati. Zophweka!

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndaweruka msanga, ndapalasa njinga mpaka ku sikimu. Cholinga: kuwauza a Kayira maso ndi maso kuti Chiphaliwali ndimuchepetsa mphamvu. Ndi akulu kwa ine, sindingawauze pafoni.

Ndawapeza pa geti ya ngalande, gamubuti kumiyendo, akukalipira alimi awiri m'Chitumbuka. Ndangomvamo mawu atatu, onse oopsa.

Ndiye andionetsa chinthu chimene chanditsegula maso. Nyengo ino madzi ndi ochepa, amachita kugawana. Buloko ili lero, linalo mawa, lakumunsi mkuja. Geti ikatsekedwa, yatsekedwa, ngakhale ukhale ndani. Popanda zimenezo, akuti, akumtunda amamwa madzi onse, akumunsi amangolandira fungo la matope.

Akumtunda: Chiphaliwali. Akumunsi: Phwanya. Ndatsala pang'ono kugwera m'ngalande!

Ndawafotokozera nthawi yomweyo. Matsenga tiziwagawa ngati madzi. Akhale ndi geti. Akhale ndi muyeso.

Ndimayembekeza mkangano. Iwo angomwetulira n'kuti, "Palije suzgo, asambizgi." Ndiye kuti palibe vuto, aphunzitsi. Mpaka andibwereka pepala lawo la malamulo a madzi kuti ndikakopere, akuti ndisavutike kupeka zatsopano pamene zoyesedwa kale zilipo.

Munthu wabwino bwanji! Ndimawaganizira molakwa. Andipatsanso mapapaya awiri.

Pobwerera tcheni chaduka pafupi ndi mlatho, ndakankha njinga mpaka kunyumba. Ndimangoimba nyimbo njira yonse.

Lachitatu, 22 Okutobala

Malamulo atha! Ndalemba pa nthawi ya buleki, m'kope latsopano, ndi cholembera chofiira. Ndakopera pepala la a Kayira mzere ndi mzere, pamene pali "madzi" ndikuikapo "matsenga".

Akuluakulu ndi awa:
- Wogwiritsa ntchito matsenga aliyense alandira nyemba zisanu. Tsenga limodzi, nyemba imodzi. Lalikulu, zingapo. Zikatha, zatha.
- Geti imatsegulidwa kamodzi pa maulendo atatu oponya dayisi. Maulendo awiri oyamba wamatsenga azingoima, manja kumbuyo.
- Woba matsenga geti ili yotseka alandidwa nyemba imodzi.

Pali ena asanu ndi limodzi, ang'onoang'ono, ndangowakopera kuti pepala lioneke lodzaza.

Ndayesa ndekha pa mphasa ndi zitsekerero za mabotolo. Phwanya akutema kawiri Chiphaliwali asanatsegule n'komwe pakamwa. Kawiri! Ndawerengetsera maulendo khumi, zikutuluka chimodzimodzi. Masamu sanama.

Ndajambula malamulowo n'kutumiza pa gulu lathu la pafoni. A Phiri ayankha ndi chala chimodzi choloza kumwamba. Kwa a Phiri imeneyo ndi nyimbo yathunthu.

Madzulo. Mauthenga a a Kayira ayamba kulowa. Mwaulemu kwambiri, uliwonse ukuyamba ndi "Pepani asambizgi".

Kodi mlimi akapanda kuthirira tsiku lake, tsikulo limatayika kapena limasungidwa?
Kodi mnansi angamubwereke mnzake gawo lake?
Kodi geti yathuyi ndi yatsopano kapena imadontha pansi, monga mageti onse amene iwo anawaonapo m'moyo wawo?

Ndayankha kuti ayi, ayi, komanso ayi: silisungidwa, sangabwereke, siidontha. Iwo angoti, "Yewo." Kungothokoza basi.

Kuthokoza kumeneko sikunandisangalatse. Mpunga ndapsereza.

Lachinayi, 23 Okutobala

A NyaGondwe andipeza pa geti ya sukulu akuchokera kuntchito, ambulera m'manja, nkhope yosaseka. Ndinaiwala chinthu chimodzi: kuchiritsa nakonso ndi matsenga. Ndawapatsa nyemba zisanu ndi geti ngati kuti iwo ndi amene anasandutsa chimphona chule.

Akuti iwo alakwa chiyani? Akuti Lolemba mpaka Lachisanu amauza odwala kuti adikire, ndiye Lowerukanso aziuza anthu a papepala kuti adikire geti? Ndapepesa. Ndati ndikonza. Akuti ndisavutike, nkhaniyo ili kale m'manja mwa komiti.

Komiti iti?

Ndathamangira ku kope langa. Lamulo lachisanu ndi chinayi, dzanja langa, cholembera changa chofiira: mikangano yonse ya matsenga idzaweruzidwa ndi komiti ya ogwiritsa ntchito matsenga, ndipo chigamulo chake n'chomaliza.

Ndinakopera osawerenga. Ine, amene tsiku lililonse ndimauza ana kuti werengani funso kawiri musanayankhe!

Komiti inakumana dzulo madzulo, pafoni. Mamembala: awiri. Wapampando: a Kayira. Mlembi: a NyaGondwe. A Phiri sangalowe chifukwa Phwanya sagwiritsa ntchito matsenga. Ine sindingalowe chifukwa, malinga ndi a Kayira, ine ndine boma.

Maminitsi anditumizira otayipa, ali ndi pemphero lotsegulira ndi lotsekera. Zimene agwirizana:
(a) Geti ikatsegulidwa munthu osaigwiritsa ntchito, mwayiwo umasungidwa. Popeza malamulo anayamba Lachitatu, pofika Loweruka Chiphaliwali akhala atasunga masiku atatu.
(b) Membala angabwereke mnzake nyemba pa zifukwa za chitukuko.
(c) Geti imadontha. Timatsenga ting'onoting'ono n'taulere.
Onse anavomereza, wotsutsa panalibe.

Ndawaimbira a Kayira. Ndati malamulowo ndine ndinalemba, ndingathenso kuwafufuta. Ati zoona ndithu, koma boma limene limasintha malamulo madzi ali m'njira, alimi salikhulupiriranso. Ayankhula modekha ngati akutsogolera mapemphero a m'mawa. Ndapezeka ndikuti, "Zoonadi, bambo."

Zoonadi chiyani? Ndine chitsiru.

Masiku atsala awiri. Mapapaya aja ndadya limodzi, mokwiya.

Lachisanu, 24 Okutobala

Njira yatsopano. Ngati wamatsenga sakutsika, msilikali akwere.

Ndawapeza a Phiri akutsuka yunifolomu kuseri kwa nyumba. Ndawauza kuti Phwanya atola nkhwangwa yamoto m'phanga, yotema anthu atatu nthawi imodzi, yobwerera yokha ukaiponya. Ndimayembekeza kuti alumpha.

Afinya malaya, ayanika, kenako andiyang'ana. "Katundu wotola amakaperekedwa ku ofesi, aphunzitsi. Ine zamatsenga sindifuna. Ndikufuna kumenya munthu ndi dzanja langa, kamodzi kokha, anzanga akuona."

Ati pa bawo munthu ukagonja umagonja utasewera. Kuno amangokhala, kudya mtedza, kuonerera a Kayira akuwerenga masamba anayi a matsenga. Ati sakwiyira munthu, koma Loweruka ndi limodzi pa sabata.

Mtima wanga wawawa. Akunena zoona.

Pobwerera ndaona bolodi lawo la bawo latsamira khoma pa khonde, lopukutidwa fumbi, lopakidwa mafuta. Lakonzeka kale!

Ndiye ndachita ziwiri.

Choyamba, mwakabisira, ndawonjezera mphamvu za thupi za Phwanya pa pepala lake. Si matsenga. Tingoti wakhala akudya bwino.

Chachiwiri, ndapeka mdani amene komiti singamuthe: NG'ONA YACHITSULO. Imalondera mlatho wopita ku msasa wa achifwamba. Matsenga saigwira. Tulo ilibe. Kusanduka chule singasanduke. Moto imangouseka. Chinthu chokha chimene chingaiphe ndi nkhwangwa, pa khosi, pamene zitsulo zinalumikizana.

Ndaijambula pa katoni ya sopo, mano makumi atatu, maso ofiira. Ndalemba zonse pansi pake kuti pasakhale mafunso: kutalika, liwiro, kulemera ngati lole yodzaza matumba a mpunga. Ndapita nayo mpaka m'kalasi, ana akuganiza kuti ndi phunziro la sayansi.

Ndawerenga kawiri. Katatu. Palibe podutsira.

Ndagula nyemba zatsopano, zofiira, ndasankha khumi zokongola. Mawa nkhwangwa itema!

Loweruka, 25 Okutobala

M'mawa. Kope, ng'ona, nyemba, dayisi, zitsekerero khumi ndi ziwiri za achifwamba. Malaya oyera. Ndapemphera mwachidule, osatchula mutu wa nkhani.

Madzulo. Ndilembe zisanandithawe.

Tayamba bwino. Fungo la mbalagha likuchokera kukhitchini. Ndagawa nyemba, zisanu zisanu. Ndisanakhale n'komwe pansi, a NyaGondwe akankhira zawo zonse kwa a Kayira. Chitukuko.

Ndaimika ng'ona pa tebulo. A Phiri akhala tsonga. Ndawerenga zonse mokweza: matsenga saigwira, nkhwangwa yokha basi. A Phiri apukuta dayisi pa malaya. Phwanya wanyamuka, akuthamangira ku mlatho, kwatsala ulendo umodzi kuti afike.

A Kayira akweza chala ngati ali pa msonkhano. "Asambizgi, ng'ona matsenga sayikhwaska, tamva. Nanga dothi limene yagonapo?"

Ndayang'ana katoni yanga. Za dothi palibe.

Atsegula geti ndi tsiku limodzi losungidwa lija, aika nyemba zisanu ndi ziwiri pakati pa tebulo, asandutsa gombe lonse thope lakuya. Kenako andipempha mwaulemu kuti ndiwerengenso kulemera kwa ng'ona. Ndawerenga, ndi mawu ang'ono. Lole yodzaza mpunga, pa thope. Dayisi yagwa pa 16.

Ng'ona yanga yamira. Miyendo, mimba, mano makumi atatu, maso ofiira. Phwanya wafika ndi nkhwangwa m'mwamba, wapeza thovu.



A Phiri aika dayisi pansi pang'onopang'ono. Aimirira. Aitana kukhitchini kuti mbalagha ija aivundikire kaye. Ayamba kupinda nsalu ya pa tebulo, zitsekerero zikugwa, ndipo maso awo ali pa bolodi la bawo.

Sindikudziwa chimene chandigwira. Ndamenya tebulo. "Sinthanani mapepala! Wapampando walamula!"

Si nkhani ya matsenga, ndiye komiti ilibe mawu. A Kayira aganiza kaye, avomereza kuti lamulo likundilola. Apereka masamba anayi a Chiphaliwali ndi nyemba zitatu zotsala. Alandira katsamba kamodzi ka Phwanya. A Phiri akhala pansi theka, thako limodzi lokha pa mpando.

Ndinaganiza kuti: tsopano a Phiri alawe mphamvu, a Kayira alawe njala.

A Phiri sanawerenge ngakhale mzere umodzi. Afunsa funso limodzi lokha, ngati wamatsengayu ali ndi ndodo. Ndati ali nayo, yoyendera, ndi nkhalamba. Ati chabwino. Nkhalamba ija yawoloka mlatho ikuthamanga, mkanjo m'manja, yalowa pakati pa achifwamba khumi ndi awiri, yalunjika kwa mkulu wawo. Ndawakumbutsa za nyemba. A NyaGondwe awakumbutsa. A Kayira atseka maso ngati akumva kuwawa m'mimba.

Dayisi: 18.

Khoo! Pamutu!

Kunena zoona, chigawengacho changotupa pang'ono pachipumi. Koma a Phiri alumpha, mpando wagwa, akuzungulira tebulo akuvina, mayi Phiri atuluka ndi chikombe m'manja kudzaona ngati kwagwa ngozi. Bambo wamkulu, wa ana atatu, misozi ikutsika ndi kuseka!

Kenako achifwamba khumi ndi awiri amubwezera Chiphaliwali. Wagwa ulendo womwewo. A NyaGondwe alibe nyemba, zonse zinapita ku chitukuko. Ati wodwala adikire pa benchi.

Nanga a Kayira ndi Phwanya? Sanawoloke n'komwe mlatho. Akhala akuwerenga katsamba kaja, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka apeza mphamvu zimene ndinawonjezera dzulo. Chala m'mwamba. Kodi m'mbali mwa mtsinjewu muli mitengo? Ilimo. Kodi msasa uli kumunsi kapena kumtunda? Ndayang'ana mapu anga. Kumunsi.

Phwanya wadula mitengo isanu. Watseka mtsinje. Wakumba ngalande ndi nkhwangwa, molunjika ku msasa. Palibe tsenga, palibe nyemba, palibe geti. Dayisi 19, 15, 17. Madzi onse alowa mu msasa, achifwamba khumi ndi awiri akokoloka ndi mapoto awo omwe. Chiphaliwali tamupeza atakodwa pa chulu, akupumabe.

Nkhondo yatha. Wapambana: a Kayira.

Mbalagha yabwera. Ndadya mbale ziwiri, sindinamve kukoma kwa yoyamba. A Phiri afotokoza za ndodo ija kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo uliwonse chotupa chikukula. Pomaliza chinali ngati papaya.

Lamulungu, 26 Okutobala

Kutentha kuja kulipobe.

Ndawerengera m'tchalitchi, ulaliki uli mkati, Mulungu andikhululukire. Maloweruka asanu ndi limodzi tsopano nkhwangwa ya Phwanya sinateme munthu. Yatema mitengo isanu ndi dothi.

Sabata yonse ndalimbana ndi matsenga. Vuto silinali matsenga. Munthu amene zaka makumi awiri wakhala akuweruza milandu ya alimi oba madzi, amene anaona njira iliyonse yozembera geti, ungamupatse supuni adzapambana nayo nkhondo. Ndipo ine ndinapita ndekha, pa njinga, kukamupempha malamulo.

Potuluka a Kayira andigwira dzanja ndi manja awiri. Ayamikira masewero a dzulo. Akuti Phwanya amukonda, amusunga. Ali ndi kafunso kamodzi kokha: kodi msilikali amaloledwa kulemba aganyu? Ndati ndiganizira. Ati yewo.

A NyaGondwe atula pansi udindo wa ulembi. Akufuna munthu watsopano, wakuba, wosathandiza aliyense.

A Phiri ndawadikira pansi pa mtengo wa mango, mtima uli m'mwamba. Malinga ndi mawu awo a sabata yatha, nkhwangwa sinateme munthu, ndiye kuti bawo yapambana. Ndawakumbutsa ndekha, kuti zithe.

Andiyang'ana ngati ndapenga. "Nkhwangwa yake iti? Ine ndili ndi ndodo. Loweruka mubwere ndi achifwamba ambiri, aphunzitsi. Tebulo lilipo."

Masamba anayi a matsenga aja akuti awapinda n'kuika pansi pa mwendo wa mpando umene unagwa dzulo. Sakuwafuna.

Ndiye ndili ndi wamatsenga womenya ndi ndodo, msilikali wokumba ngalande, ndi namwino wofuna kuba. Sindikonzanso kanthu. Kope lofiira ndalemba pachikuto kuti Folomu 2, Homuweki. Ng'ona ndaikhoma pa khoma pamwamba pa bedi, inali yokongola.

Nyemba khumi zija ndaziponya mu mphika pamodzi ndi zinzake. Zikuwira panopa. Matsenga onse a dziko langa, ndidya masana ano ndi mpunga.